Kutupa ndi kunyerenyetsa pambuyo pa mdulidwe, anzanga munatani?

Wakabaza wa ku Lunzu: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi nkhani koma musandiseke. Ndinakachita mdulidwe wa kuchipatala Lachiwiri, bandeji anandichotsa Lachinayi. Chichotsereni bandejiyo chida chatupa, makamaka kunsi kwa mutu kumene kwadutsa ulusi. Kupweteka sikwenikweni, koma maonekedwe akewo ndi amene akundiopsa. Chinanso, mutuwo ukangokhudzana ndi nsalu ndikumachita kudumpha. Kuyenda kwake ndikuchita kutangadza, moti alandilodi andifunsa ngati ndili ndi chithupsa. Ndi mmene zimakhalira kapena ndibwerere kuchipatala?

Bambo a Tamanda: Takulandirani mu timu amwene. Palibe akusekeni, tonse tinayendapo choncho. Ine kutupa kwa kunsiko kunandikhalitsa kuposa bala lenilenilo. Koma dikirani anesi abwere, ndi amene amadziwa kusiyanitsa.

Wa ku Joni: Kkkk alandilodi ali ndi maso. Auzeni kuti munagwa panjinga.

Nesi Wopuma: Achimwene a ku Lunzu, ndisananene chilichonse ndiyankheni izi. Kutupako mukakukhudza n'kofewa kapena n'kolimba? Dzulo ndi lero kukukula, kapena kuli chimodzimodzi? Khungu lake ndi la mtundu wanji? Mukukodza bwinobwino? Thupi likutentha? Pali fungo kapena mafinya?

Wakabaza wa ku Lunzu: Amayi, n'kofewa ngati muli madzi. Sikukukula, m'mawa kumaoneka kochepa koma pofika madzulo kumadzadzanso. Kukodza ndikukodza, kungoti mkodzo ukumwazika. Thupi silikutentha. Fungo palibe, koma pamzere wa ulusi pali tachikasu pang'ono.

Nesi Wopuma: Mmene mwafotokozeramu, zimenezo n'zimene timayembekezera sabata yoyamba. Pakhungu limene anachotsa paja panali timitsempha ting'onoting'ono tobweza madzi a m'thupi. Tadulidwa, ndiye madziwo akusowa podzera, akungounjikana pamalo otsika, kunsi kwa mutu. Thupi limatsegula njira zina lokha koma pang'onopang'ono. Mwanena nokha kuti m'mawa kumachepa, madzulo kumadzadza. Chifukwa chake n'choti usiku mwagona, masana mwaimirira ndipo chida chikulendewera. Ndiye mankhwala oyamba si mapiritsi ayi. Chiloze m'mwamba, chigone pamimba, mutu uyang'ane kumchombo, ndipo kabudula wamkati achigwire pamenepo tsiku lonse. Mukuvala chiyani panopa?

Wakabaza wa ku Lunzu: Ndikumavala bokosa yotaya, nthawi zina chitenje cha madamu ndikakhala m'nyumba. Ndimaona ngati chothina chindipweteka.

Nesi Wopuma: Apo ndiye pali vuto lanu, mbali zonse ziwiri. Bokosa ikusiya chida chizilendewera, kutupa kukuwonjezeka. Komanso poyenda chikugwedezeka, mutu ukukhulana ndi nsalu, ndiye kudumpha kuja. Pezani panti wa kotoni wogwira thupi, osati wofinya mpaka kusiya mzere, koma woti chinthu chisasunthe. Akhale awiri kapena atatu, muzisintha tsiku lililonse, kuchapa ndi kuyanika padzuwa. Mkodzo kumwazika ndi kutupa komweko, kukaphwa zisiya. Mukatha kukodza pukutani mogunditsa ndi kansalu koyera, mkodzo usakhale paulusi.

Bambo a Tamanda: Zoona zimenezo. Ine ndinkaopanso panti wothina, koma tsiku limene ndinavala ndi limene ndinayamba kuyenda ngati munthu. Ola loyamba lokha ndi limene limavuta.

Aphunzitsi a ku Dedza: Amayi, nanga tachikasu tomwe wanenato? Ine zinandichitikira ndinathamangira kuchipatala ndikuyesa mafinya.

Nesi Wopuma: Munachita bwino kupita aphunzitsi, palibe amene amalakwa pokafunsa. Bala likamapola limapanga kanthu kachikasu kapena koyererako komatirira pamzere, sikanunkha, sikayenderera, ndipo sikafunika kukakanda. Mafinya ndi osiyana: amatuluka, mukapukuta amabweranso, amanunkha, khungu lozungulira limafiira ndi kutentha, ululu m'malo mochepa umawonjezeka tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwakukulu n'kumeneko. Chabwinobwino chimanka chichepa, choipa chimanka chikula.

Wa ku Joni: Kuno ku Johannesburg anatiuza kuti bandeji ikachoka tiziviika m'madzi a mchere kawiri patsiku. Sipuni yaing'ono imodzi mu kapu ya madzi ofunda. Zinandithandiza kwambiri pa kutupa. Yesani amwene.

Aphunzitsi a ku Dedza: Koma ife anatiletsa kuviika. Anati madzi oyera ndi sopo wosanunkhira basi, kenako kuumitsa. Ndiye zoona ndi ziti?

Nesi Wopuma: Zipatala zimasiyana pamenepa, ndipo nonse awiri munapola. Achimwene a ku Lunzu atsatire zimene anauzidwa kumene anachitira. Chimene sindigonja nacho ndi madziwo. Akhale owiritsa, ozizira bwino, m'kapu yoyera yosagwiritsa ntchito ina. Osati otunga pachitsime n'kuthira mchere, osati a m'bafa limene mwasamba thupi lonse. Mchere ukhale wochepa ngati mmene anenera a ku Joni, ukachuluka umawotcha. Osakhalitsa m'madzimo, ulusi umafewa msanga bala lisanagwirane. Mukatha, umitsani. Bala lonyowa tsiku lonse silipola.

Wakabaza wa ku Lunzu: Ine anati sopo ndi madzi. Ndipitiriza zomwezo. Koma za mutuwu amayi, zidzatha? Chifukwa ngati moyo wonse udzakhala wotere ndiye ndinalakwitsa.

Bambo a Tamanda: Zimatha amwene, mudzaiwala n'komwe. Mutuwo wakhala wofundidwa chibadwire chanu, lero wangoikidwa pabwalo. Ine masabata awiri oyamba ngakhale madzi osamba ndinkachita kutchinga ndi dzanja. Kenako khungu la pamutu linayamba kusupuka ngati likuuma, ndinachita mantha, koma zitatha zimenezo ndi pomwe kunyerenyetsa kunachepa.

Nesi Wopuma: Kusupukako n'kwabwinobwino, osamatula, zichoke zokha. Ambiri pofika sabata yachitatu kapena yachinayi amakhala azolowera nsalu, ena amachedwerapo. Chothandiza panopa: tengani Vaseline wamba, woyera uja wopanda fungo, m'botolo latsopano osati limene banja lonse limapisamo zala. Sambani m'manja, pakani pang'ono pamutu pokha, osati paulusi. Mukapeza gozi, kansalu komangira mabala, ku famase ikani kachidutswa pakati pa mutu ndi panti. Thonje ayi, limasiya timaulusi tomatirira pabala. Ndipo ngati nsalu yamatirira, musazule mwamphamvu, nyowetsani ndi madzi owiritsa aja ichoke yokha.

Mfana wa Poly: Ine ndinkagwiritsa ntchito mafilizesi a ana aja. Kukulunga awiri m'kathaulo n'kuika pamwamba pa panti. Zinkathandiza bola magetsi akhalepo.

Nesi Wopuma: Nzeru imeneyo si yoipa, bola ayezi asakhudze khungu, pasanyowe, ndipo mphindi 10 zakwana. Osagona nazo. Za ululu, Panado ndi wokwanira kwa ambiri, monga anakulemberani. Asipirini musamwe, amachedwetsa magazi kuundana. Bufeni amathandiza kutupa koma funsani kaye amene anakuchitani, makamaka ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena bala likudonthabe.

Wakabaza wa ku Lunzu: Ndiye pali ya usiku. Cha m'ma 3 koloko chimadzuka chokha, ulusi n'kukoka, ndimadzuka ndi thukuta. Ndikuopa kuti tsiku lina ulusi udzaduka.

Wa ku Joni: Eeh imeneyo ndiye nkhondo yeniyeni. Ine ndinkadzuka n'kukaima pasimenti yozizira opanda nsapato mpaka zitatsika.

Bambo a Tamanda: Ine madamu anasamukira kuchipinda kwa ana. Anati ndisakuchimwitseni.

Nesi Wopuma: Mwamuna aliyense wathanzi chimadzuka kangapo ali mtulo, simungaletse, ndipo si kawirikawiri kuti ulusi uduke nazo. Chimene mungachite ndi kuchepetsa. Madzi imwani ambiri masana, madzulo chepetsani. Kodzani musanagone. Mukadzidzimuka chitadzuka, pitani mukakodze, chimatsika. Gonani chammbali mutapinda mawondo. Foni ndi zithunzi zake zija muziike patali masabata ano. Mukaona kadontho ka magazi m'mawa musanjenjemere, panikizani ndi kansalu koyera mphindi 10 osasuzumira. Akapanda kusiya, kapena mzere ukatseguka n'kuoneka mkati, pitani.

Chimzy: Mukuvutikiranji ma guy. Tsegulani kapisozi muwaze ufa wake pabalapo, mawa louma. Mnzanga wina anathira mafuta a buleki, sabata imodzi anali bhobho. Ena amapaka Colgate kuti pazizizira.

Aphunzitsi a ku Dedza: Mafuta a buleki pathupi la munthu? Aise tatiyeni tizilankhula zoona.

Nesi Wopuma: Achimwene a Chimzy, ndikupemphani mwaulemu, uthenga umenewo muufufute, wina angauwerenge yekha usiku n'kuchita. Mafuta a buleki amawotcha mnofu, kuuma kumene mukuona ndi mnofu wakufa. Colgate, sipiriti, Dettol wosasungunula, zonsezo zimapsereza khungu latsopano limene likufuna kumera. Ufa wa kapisozi umapanga chikhambi pamwamba, mafinya n'kumasonkhana pansi osaoneka. Ine ndasambitsapo mabala otere, ndipo mwini wake amabwera mochedwa chifukwa akuchita manyazi kunena chimene anathira.

Che Mjomba a ku Mangochi: Anesi, ndilankhuleko ine wamkulu. Ife tinapita ku jando tili ana, kundagala, angaliba anatidula popanda jakisoni wa dzanzi. Mankhwala ake anali a m'tchire omwewo, ndipo tinapola, tabereka, tili ndi zidzukulu. Lero mukuti chilichonse cha makolo n'choipa?

Nesi Wopuma: Che Mjomba, ulemu wanu. Sindikunyoza jando, ndipo mwambo ndi malangizo a kundagala si nkhani yanga. Ndikunena za bala lokha. Choyamba, inu munali ana, bala la mwana ndi laling'ono ndipo silikokedwa usiku ngati la munthu wamkulu wosokedwa ndi ulusi. Chachiwiri ndi kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi, m'ndowe, m'fumbi, ndiye muzu wokumbidwa pansi, phulusa la pamoto kapena tsamba losinja pamwala zikhoza kutitengera pabala. Bala likhoza kuoneka loyera bwinobwino, patapita masiku munthu n'kuyamba kuuma nsagwada, khosi kulimba, kulephera kumeza. Akafika pamenepo ambiri sapulumuka. Ndipo abambo ndi amene muli pangozi kwambiri, chifukwa ife amayi timabayidwanso katemera wa kafumbata kusikelo tikakhala oyembekezera, pomwe abambo ambiri chibayidwireni ali makanda sanabayidwenso.

Che Mjomba a ku Mangochi: Za katemerazo ndiye sindinkazidziwa. Komabe masiku ano kwathu kuno anyamata ambiri amayamba adulidwa ndi achipatala, kenako n'kupita kukalangidwa. Ine ndilibe nazo mlandu zimenezo.

Chimzy: Ndafufuta mayi. Koma mnzangayo anachiradi.

Bambo a Tamanda: Anachira ndi mwayi wake, osati ndi buleki.

Mayi a Mphatso: Pepani abambo kulowerera, ndikulemba pafoni ya amuna anga, iwo akukana kufunsa. Anachita mdulidwe dzulo m'mawa. Madzulo anapita kudimba kukathirira, ati ndi pafupi. Usiku bandeji yonse inanyowa magazi, tinaika nsalu ina pamwamba nayonso yanyowa. Panopa chatupa kwambiri mbali imodzi, chalimba, chikuoneka chakuda ngati biringanya, ndipo kutupako kwatsikira kumachende. Kukodza akuchita kudontheza. Akuti adikira mawa poti ndi tsiku lochotsa bandeji.

Nesi Wopuma: Mayi, asadikire mawa. Anyamuke panopa. Kumeneko si kutupa kwa madzi kumene timakamba ndi a ku Lunzu, ndi magazi akuunjikana mkati, pali kamtsempha kamene kakutulutsabe. Sizisiya zokha ndipo zikutseka njira ya mkodzo. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi chotsegula, sikuti mpaka kumene anachitira. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi kakhadi kamene anawapatsa. Panjira apanikize ndi nsalu yoyera. Musamasule bandeji nokha, musathirepo kanthu, ndipo asapalase njinga okha, wina awanyamule kapena mupeze galimoto.

Mayi a Mphatso: Akuti akuchita manyazi, akawakalipira poti anapita kudimba.

Bambo a Tamanda: Apatseni foniyo awerenge okha. Akulu, kukalipiridwa n'kwa mphindi ziwiri. Dzukani. Mukafika kanenenitu zoona kuti munanyamula makheni, adokotala adziwe poyambira.

Wa ku Joni: Madala nyamukani chonde. Ngati ndi ya thiransipoti nenani tisonkhe pompano.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ngati akukayikabe aimbe ku Chipatala cha pa Foni, amve kwa achipatala ena. Koma aziimba ali panjira.

Mayi a Mphatso: Avomera. Achimwene awo abwera ndi njinga yamoto, akhala chammbali. Tikupita.

Nesi Wopuma: Mwachita bwino mayi. Enanu mwaona kusiyana kwake. Chofewa, chosakula, munthu akukodza, chimenecho ndi cha panti ndi kupuma. Cholimba, chakuda, chokula mukuona, magazi osasiya, mkodzo kukanika, thupi kutentha, fungo, nsagwada kuuma, chimenecho n'cha kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale pakati pausiku. Ndipo amene muli ndi shuga kapena mumasuta fodya, mabala anu amachedwa, tsiku lokaonetsa lija musalidumphe ngakhale mukumva bwino.

Wakabaza wa ku Lunzu: Zandiopsa zimenezi. Ine ndimafuna ndiyambe ntchito Lolemba, ndalama ya nyumba yayandikira. Ndiye njinga ndiyambe liti?

Nesi Wopuma: Lolemba ayi. Lachiwiri ndi tsiku lanu lachisanu ndi chiwiri, mukaonetse kaye, ndipo mukawauze ntchito imene mumagwira, osangoti ndimachita bizinesi. Wa mu ofesi amabwerera pakatha masiku ochepa, koma inu chishalo chimapanikiza pomwepo, mukupalasa ndi munthu kumbuyo, thukuta, fumbi, mabampu. Kwa ine, wakabaza adikire mpaka kutupa kutaphwa ndipo ulusi wayamba kugwa. Mukakakamira mudzataya masabata ambiri kuposa amene mukuwaopawo.

Mfana wa Poly: Mubwereketse njingayo kwa mnzanu wa pasiteji amene alibe yake, azikupatsani ya tsiku. Ambiri amatero.

Wakabaza wa ku Lunzu: Alipo mphwanga wina, kungoti amathyola masipoko. Ndiyankhula naye. Nanga ulusiwu akachotsa Lachiwiri lomwelo?

Bambo a Tamanda: Sachotsa, umagwa wokha. Wanga unayamba kugwa sabata yachiwiri, kamodzikamodzi, ndinkangoupeza mu panti. Pena pamayabwa koopsa, koma osakoka.

Nesi Wopuma: Eya, ambiri umatha pakati pa masabata awiri ndi anayi. Kotsalira kakakuvutani akakuchotsereni kuchipatala, osati ndi lezala kunyumba. Amene anachita mdulidwe woikidwa kachipangizo kotchedwa ShangRing ndi osiyana, iwo alibe ulusi, kamkombero kaja amakachotsa achipatala pakatha masiku 7, ndipo osayesa kukachotsa nokha ngakhale kathine bwanji.

Wa ku Joni: Tsono tinene zoona pa masabata 6 osagonana aja. Alipo anakwanitsa pano? Ine ndikuona ngati achipatala amangowonjezera kuti atiopseze. Ulusi ukagwa basi munthu wapola.

Bambo a Tamanda: Ine ndinakwanitsa, koma ndi thandizo la madamu, ndinapita nawo pokamva uphungu ndiye masiku ankawerenga ndi iwo pa kalendala ya kutchalitchi. Mukapita nokha n'kukawauza kunyumba kuti masabata 6, ena amayesa muli ndi chibwenzi.

Nesi Wopuma: A ku Joni, ulusi kugwa si kupola. Pamwamba patsekeka koma mnofu wa pansi ukadali wanthete, ukakokedwa umang'ambika, kutupa kumayambiranso. Masiku 42 amenewo ndi a kugonana ndi kubunyula komwe. Ndiye taganizani chimene ambiri munapitira. Kafukufuku wa ku Orange Farm konko ku South Africa, wa ku Kisumu ku Kenya ndi wa ku Rakai ku Uganda ndi amene anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi, ndipo WHO ndi UNAIDS anauvomereza mu 2007. Koma chitetezo chimenecho n'cha bala lopola. Bala laliwisi ndi khomo lotsegula, kwa inu komanso kwa mayi ngati inu muli nako kachilombo. Masabatawo akatha yambani ndi kondomu, chipsera chikadali chanthete, ndipo 60 si 100, kondomu sinathe ntchito.

Wa ku Joni: Ndamva mayi. Ine zanga zinapita kale, ndimangofunsira ana.

Aphunzitsi a ku Dedza: Kkkk aliyense amafunsira mnzake. Chimene ndingawonjezere n'choti ngakhale masabata 6 atatha, kamzere ka chipsera kamakhala kolimba ndi kotukuka pang'ono, ine kanatenga miyezi kuti kafewe. Ndinafunsa anati bola kasapweteke kapena kukula.

Mayi a Mphatso: Tabwerako. Anawabaya dzanzi, anamasula ulusi wina, anachotsa magazi oundana, anamanga kamtsemphako n'kusokanso. Akodza bwino tisananyamuke. Atiuza tibwerere mkucha. Sanawakalipire n'komwe, anangofunsa kuti ananyamula makheni angati. Panopa agona. Zikomo nonse, makamaka anesi.

Nesi Wopuma: Zikomo potiuza mayi. Usiku uno muziyang'ana bandejiyo, kadontho si kanthu koma ikanyowanso mubwerere. Kudimba apite wina sabata ino ndi yamawa. Ndipo mkucha mukafunse za masabata 6 aja, poti asokedwanso kuwerenga kuyambire lero, osati dzulo.

Mayi a Mphatso: Imeneyo ndiwauza mawa akadya phala, lero alira zokwanira.